Mafuta a canola m'masitolo a mu Blantyre: kodi mtengo wake ukugwirizana ndi ntchito yake m'thupi?

Pa shelefu ya mafuta ophikira m'masupamaketi a ku Chichiri, ku Ginnery Corner kapena ku Limbe, botolo la canola silivuta kulizindikira. Mafuta ake ndi achikasu chotuwirako, opyapyala, ndipo pa pepala la botolo pamakhala maluwa achikasu, nthawi zina ndi kachithunzi ka mtima. Pa lita, mtengo wake umaposa wa mafuta a soya kapena a mpendadzuwa oyengedwa konkuno. Ambiri amachokera ku South Africa, kumene mbewuyi imalimidwa ku Western Cape, madera a Overberg ndi Swartland, choncho wogula amalipira mafutawo, mtunda umene ayenda, ndi vuto la ndalama zakunja lomwe.

Chigamulo chathu tichinene poyambirira. Canola ndi mafuta abwino kwambiri ophikira ndiwo za tsiku ndi tsiku, makeke ndi saladi. Amathandiza munthu amene kolesitolo wake ndi wokwera, pokhapokha akalowa m'malo mwa majarini wolimba, batala, mafuta a nyama ndi mafuta a palm. Pa chiwaya si malo ake. Komanso si mankhwala, ngakhale kachithunzi ka mtima kaja kangakupangitseni kuganiza choncho.

Chili m'botolomo n'chiyani

Mbewu ya canola ndi ya banja limodzi ndi repu ndi mpiru zimene timadya ngati ndiwo. Njere zake ndi zazing'ono, zakuda, ndipo pafupifupi 44 peresenti ya kulemera kwake ndi mafuta. Kale mafuta a njere zamtunduwu ankakhala ndi asidi wa erucic wochuluka, nthawi zina kuposa 40 peresenti, ndipo atayesedwa pa makoswe asidiyu anapezeka kuti amaunjika mafuta m'minofu ya mtima. Akatswiri awiri a za mbewu a ku Canada, Baldur Stefansson ndi Keith Downey, anakwatitsa mitundu yosiyanasiyana mpaka anapeza mbewu yokhala ndi asidiyu pang'ono chabe. Mtundu wotchedwa Tower unatuluka mu 1974, ndipo dzina loti canola linalembetsedwa mu 1978. Kuti mafuta atchedwe dzinali, asidi wa erucic ayenera kuchepera 2 peresenti. Ambiri a masiku ano sakhala n'komwe pafupi ndi malirewo.

Chofunika kwambiri ndi mitundu ya mafuta imene ili m'katimo. Pali mafuta a mtundu wa saturated, aja amene amagona kukazizira ndipo amakweza kolesitolo woipa wotchedwa LDL. Mu canola muli pafupifupi 7 peresenti yokha ya mtundu umenewu. Mu mafuta a mpendadzuwa muli 10 kapena 11, mu olive 14, mu soya 15, mu mafuta a mtedza 17, pomwe mu mafuta a palm muli pakati pa 45 ndi 50. Palibe mafuta ena ophikira ofala amene ali pansi pa canola pa muyeso umenewu. Gawo lalikulu la canola, loposa 60 peresenti, ndi asidi wa oleic, yemweyo amene amatchukitsa mafuta a olive ndipo amapezekanso m'mapeyala ndi mu mtedza. Kenako pali omega-6 pafupifupi 20 peresenti, ndi omega-3 wa ku zomera, wotchedwa ALA, pakati pa 9 ndi 11 peresenti.

ALA ameneyu ndiye ulemerero wa canola, ndiyenso kufooka kwake pa moto, monga tionera kutsogoloku. Supuni yaikulu imodzi, ya mamililita 15, imakhala ndi ALA wokwana magalamu 1.3. Muyeso umene akatswiri a kadyedwe amagwiritsa ntchito ndi magalamu 1.1 patsiku kwa mayi ndi 1.6 kwa bambo, ndiye supuni imodzi yakwaniritsa kale za mayi. Mafuta a mpendadzuwa alibe ALA woti n'kutchula, a palm chimodzimodzi. Koma asanyenge munthu: omega-3 amene ubongo ndi maso zimagwiritsa ntchito mwachindunji ndi EPA ndi DHA, amene amapezeka mu nsomba. Thupi limasandutsa ALA wochepa chabe kukhala EPA, ndipo wofika pa DHA ndi wochepetsetsa. Amene akudya usipa, matemba kapena utaka kawirikawiri asasiye chifukwa wagula botolo la canola.

Zimene kafukufuku anapeza

Umboni wolimba kwambiri uli pa kolesitolo. Anthu akamadya canola m'malo mwa batala kapena mafuta ena ogona, LDL amatsika, ndipo zimenezi zaoneka mobwerezabwereza m'mafukufuku amene anthu ankapatsidwa chakudya choyezedwa kwa milungu ingapo. Mu 2006 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, FDA, linalola kuti pa botolo azilemba kuti supuni imodzi ndi theka patsiku, magalamu 19, ingachepetse chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima. Mawu a chilolezocho ndi osamala kwambiri: amati umboni ulipo koma ndi wochepa, ndipo amanenetsa kuti mafutawa alowe m'malo mwa mafuta a saturated a muyeso womwewo, osati kuwonjezera pa zimene munthu akudya kale. Mfundo yachiwiriyi ndi imene otsatsa malonda sakonda kuibwereza.

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa ku Lyon, ku France, amene anatsogolera Michel de Lorgeril. Anthu 605 amene anali atadwalapo kale mtima anagawidwa pawiri. Gulu lina linapatsidwa majarini wofewa wopangidwa ndi mafuta a canola kuti asiye batala ndi kirimu, ndipo linalangizidwa kudya buledi, masamba, zipatso ndi nsomba zambiri n'kuchepetsa nyama. Zotsatira zinatuluka mu 1994 ndi mu 1999, ndipo zinaonetsa kuti m'gululi kudwalanso mtima ndi imfa za mtima zinatsika ndi kuposa theka. N'zochititsa chidwi, koma anthuwo anasintha mbale yonse, osati mafuta okha. Amene angathire canola pa kanyenya wa nkhumba tsiku ndi tsiku n'kumayembekezera zotsatira za ku Lyon akudzinamiza.

Pa shuga, ku Toronto mu 2014 David Jenkins ndi anzake anayesa anthu 141 odwala shuga wa mtundu wachiwiri kwa miyezi itatu. Amene ankadya buledi wothira canola pamodzi ndi zakudya zosakweza shuga msanga, HbA1c yawo, muyeso woonetsa shuga wa m'magazi wa miyezi ingapo yapitayo, inatsika ndi 0.47, pomwe ya anzawo odya tirigu wosakonola inatsika ndi 0.31. Kusiyana kulipo koma n'kochepa, ndipo sikungalowe m'malo mwa metformin kapena insulin. Mu 2025 kafukufuku wina waukulu wa ku America, wotsata anthu oposa 220,000 kwa zaka zofika 33, anapeza kuti odya mafuta a zomera monga canola, soya ndi olive m'malo mwa batala ankakhala ndi moyo wautaliko. Kafukufuku wotere amangoona zimene anthu akuchita okha, choncho sangatsimikize kuti mafutawo ndiwo achititsa, koma akugwirizana ndi zina zonsezi.

Tsopano tiike nkhaniyi pa nthaka ya kwathu kuno. Kafukufuku wa dziko lonse wa matenda osapatsirana wa mu 2009, wotchedwa STEPS, anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 33 peresenti anali ndi BP yokwera, 5.6 peresenti anali ndi shuga, ndipo okwera kolesitolo anali pafupifupi 9 peresenti. Ndiye kuti mdani wamkulu wa mtima wa Mmalawi ndi BP, ndipo pa BP canola alibe mphamvu yoti n'kudalira. Amene akudwala BP apindula kwambiri akachepetsa mchere kufika pansi pa magalamu 5 patsiku, imene ndi supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, akasiya kuthira soda ndi timakyubu tokometsera m'ndiwo iliyonse, ndiponso akamamwa mankhwala ake mosadumphitsa. Ndalama ya botolo lodula ikamalanda ndalama ya mankhwala kapena ya minibasi yopitira ku sikelo ya BP ku Queens, kugulako n'kolakwika.

Muyeso: apa ndi pamene ambiri amalakwira

Mafuta onse ophikira, odula ndi otchipa omwe, ali ndi mphamvu yofanana: pafupifupi makalori 120 pa supuni yaikulu. Canola amanenepetsa chimodzimodzi ndi enawo. Bungwe la WHO limalangiza kuti mafuta onse asapose 30 peresenti ya mphamvu ya chakudya cha tsiku, a saturated asapose 10 peresenti, ndipo a trans, mtundu wina woipa ku mtima, asafike 1 peresenti. Kwa munthu wodya makalori 2,000, zikutanthauza magalamu 67 a mafuta onse pamodzi, kuphatikizapo a mu nsinjiro, nyama, mazira, mkaka ndi mandasi a pa tiyi, ndi magalamu 22 a saturated. Masupuni atatu a mafuta a palm amapereka pafupifupi magalamu 19 a saturated, kutsala pang'ono kumaliza gawo la tsiku lonse. Masupuni atatu a canola amapereka magalamu 3. Kusiyana kwenikweni kwa mafuta awiriwa ndi kumeneku.

Njira yosavuta yodziwira ngati pakhomo mukupyola muyeso ndi kuwerenga masiku a botolo. Malita 2 ndi masupuni 133. Banja la anthu asanu, aliyense supuni imodzi ndi theka patsiku, liyenera kukhala nalo botololo masiku 17 kapena 18. Likamatha pa mlungu umodzi, ndiye kuti aliyense akudya pafupifupi masupuni anayi patsiku, makalori oposa 450 ochokera m'botolo mokha. Zimenezi zimachitika chifukwa chothira molunjika kuchokera m'botolo kupita mu poto, ndipo canola amavutitsa kwambiri pamenepa popeza ndi opyapyala, amathamanga, komanso alibe fungo lokuchenjezani kuti achuluka. Ikani supuni pafupi ndi botolo ndipo wophika aliyense, kuphatikizapo wantchito ndi ana, adziwe kuti ndiwo zamasamba za anthu asanu ndi masupuni awiri, nyemba masupuni awiri, usipa awiri kapena atatu. Nyama yonona ndi nkhuku yachizungu yokhala ndi khungu zimatulutsa mafuta ake, supuni imodzi yokazingira anyezi yakwana.

Musafike pochotseratu mafuta. Nkhwani, bonongwe, chisoso, karoti ndi maungu zili ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, koma matumbo amazilandira bwino pakakhala mafuta pang'ono. Supuni yaing'ono imodzi pa munthu pa chakudya imakwanira, ndipo ndiwo zotendera zili nawo kale mafutawo kuchokera mu nsinjiro, n'chifukwa chake kuthiranso mafuta mu zotendera n'kungowononga.

Pa moto

Pa kakomedwe, canola woyengedwa sanena kanthu. Anyezi, tomato ndi adyo zimamveka zokha, mosiyana ndi mafuta a mtedza amene amabweretsa fungo lawo. Ena amakonda zimenezi, ena amati ndiwo zikumveka ngati zopanda mafuta n'kuwonjezera, ndiye kulakwa kuja. Mu saladi wa kabichi ndi karoti amachita bwino zedi: masupuni atatu a mafuta pa supuni imodzi ya madzi a mandimu kapena viniga, kamchere, n'kutakasa.

M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwira Blantyre, mafuta okhala ndi palm wambiri amachita mitambo m'botolo, ena amagoneratu pansi mpaka kuwaika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Canola amakhalabe amadzimadzi mbee ngakhale mu furiji. Kumeneku ndi kuyesa kwaulere: botolo lolembedwa kuti canola likagona m'mawa wozizira ku Chigumula kapena ku Bvumbwe, m'katimo muli mafuta ena osakaniza.

Pophika makeke ndi chigumu, kapu imodzi ya majarini ilowedwe m'malo ndi makota atatu a kapu ya canola, popeza majarini amakhala ndi madzi pomwe mafutawa alibe. Keke imatuluka yofewa ndipo siuma msanga. Masikono okha ndiwo amakana: amafuna mafuta olimba opikitiridwa mu fulawa ndi zala, ndipo mukathira amadzimadzi amatuluka olemera, osafufuma bwino.

Pa kukazinga m'mafuta ambiri ndi pamene tiyenera kukhalitsa. Canola woyengedwa amayamba kufuka utsi akadutsa madigiri 200, pomwe tchipisi, mandasi ndi zitumbuwa zimapsa bwino pa madigiri 170 mpaka 180. Ndiye kukazinga kamodzi kunyumba palibe vuto. Vuto ndi ALA uja. Mwa mafuta onse a m'botolomo, iyeyu ndi amene amagwirizana msanga ndi mpweya akatenthedwa nthawi yaitali, n'kusweka kukhala tizinthu tonunkha ndi towononga. Chizindikiro choyamba ndi fungo longa la nsomba kapena la penti, ngakhale simunakazingemo nsomba. Kenako mafuta amada, amachita thovu losatha msanga mukaponya mbatata, amayamba kufuka pa moto wochepa kuposa poyamba, ndipo m'mbali mwa poto mumamatirira utomoni wabulauni wovuta kutsuka. Akafika apa atayeni. M'mayiko angapo a ku Ulaya lamulo limati mafuta okazingira atayidwe zinthu zoswekazi zikafika pafupifupi kota ya mafutawo, ndipo kumeneko amayeza ndi kachipangizo. Kuno mphuno ndi maso ndizo zoyezera.

Chiwaya chili ndi zonse zimene zimapha canola msanga. N'chachitsulo, ndipo chitsulo chimafulumizitsa kuswekako. N'chotambalala, ndiye mafuta ambiri amakhudzana ndi mpweya. Chimakhala pa nkhuni kapena makala kuyambira m'mawa mpaka usiku, moto wosasinthika, ndipo mafuta atsopano amangothiridwa pamwamba pa akale. Wogulitsa tchipisi ku Ndirande kapena ku Mbayani amene amasankha mafuta a palm sakulakwitsa pa luso lake: mafuta ogona amapirira moto kuposa canola, soya ndi mpendadzuwa. Kungoti chimene chimawapatsa mphamvu pa chiwaya ndi chomwecho chimene chimakweza LDL. Kwa wodya, yankho si kusintha mafuta a pa chiwaya ayi, koma kuchepetsa maulendo a ku chiwaya.

Ngati mukukazinga kunyumba, gwiritsani poto wakuya osati wotambalala, ndipo mafuta asapose theka la poto. Pukutani mbatata ndi nsalu youma musanaponye, chifukwa madzi amaswa mafuta. Kuti mudziwe ngati atentha, ponyani kachidutswa ka mtanda: kakamira kaye n'kubwera pamwamba m'kanthawi kochepa kali ndi timathovu, ndi bwino, kakada nthawi yomweyo, moto wachuluka, chotsani makala ena m'mbaula, kakakhala pansi duu, dikirani, apo ayi mandasi amwa mafuta. Musathire mchere chakudya chili pamwamba pa poto. Mukamaliza, alekeni azizire, asefeni ndi kansalu koyera kuchotsa nyenyeswa, muwasunge m'botolo lapadera lotseka, osawabwezera m'botolo la atsopano. Kawiri kapena katatu ndiye malire, ndipo amene mwakazingira nsomba apite ku nsomba basi.

Za pa WhatsApp

Mauthenga oti canola ndi poizoni amazungulira chaka ndi chaka. Ali ndi mfundo zinayi kapena zisanu zimene amabwereza, ndipo iliyonse ili ndi kachoonadi kamene kakokedwa mopyola.

Za asidi wa erucic tanena kale. Bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya, EFSA, mu 2016 linaika malire a mamiligalamu 7 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Munthu wa makilogalamu 70 malire ake ndi mamiligalamu 490. Ngakhale mafutawo atakhala pa malire enieni a 2 peresenti, supuni imodzi ndi theka ingapereke mamiligalamu 380, ndipo a m'sitolo amakhala ndi wocheperatu kuposa apo.

Za hexane, mankhwala osungunulira mafuta m'njere, n'zoona kuti amagwiritsidwa ntchito. Njere zimaphwanyidwa, kutenthetsedwa, kufinyidwa, ndipo mafuta otsalira m'chikamba amasungunulidwa ndi hexane, amene kenako amauluka ndi nthunzi. Mafutawo amatsukidwa, kuyeretsedwa ndi dothi lapadera, n'kuchotsedwa fungo ndi nthunzi yotentha kuposa madigiri 200. Ku Ulaya hexane wotsalira saloledwa kuposa miligalamu imodzi pa kilogalamu ya mafuta. Chimene mauthengawo sanena n'choti mafuta ambiri a soya ndi a mpendadzuwa a m'mafakitale akuluakulu amadutsa njira yomweyi. Pochotsa fungo paja pamapangika mafuta a trans pang'ono, kawirikawiri osafika 2 peresenti, ochepa poyerekeza ndi a mu majarini wolimba wa kale. Amene sakufuna zonsezi afune botolo lolembedwa kuti cold pressed, kutanthauza ongofinyidwa popanda hexane kapena moto waukulu. Amenewo ndi achikasu chakuda, ali ndi fungo longa la mpiru, ndi odula kwambiri, ndipo ndi a saladi ndi moto wochepa, osati okazingira.

Za GMO: canola wambiri wa ku Canada ndi America ndi wosinthidwa chibadwa kuti asafe ndi mankhwala ophera udzu. Kusinthako kumaonekera m'mapuloteni a mbewu, ndipo mafuta oyengedwa alibe puloteni woti n'kuyeza. Zoti mafuta a njere amatupitsa m'thupi chifukwa cha omega-6, mafukufuku opatsa anthu omega-6 wochuluka sanapeze kuti zizindikiro za kutupa m'magazi zimakwera, komanso canola ali ndi omega-6 wochepera katatu poyerekeza ndi mpendadzuwa wamba. Ndipo nkhani yoti amaiwalitsa inachokera ku Temple University mu 2017, kumene anayesa pa mbewa zosinthidwa chibadwa kuti zidwale matenda a Alzheimer. Mbewazo zinanenepa ndipo zinkaiwala kuposa zinzake. Ndi mbewa, osati anthu, ndipo zinali zodwala kale mwadala.

Pali nkhani imodzi yoopsadi imene imasokonezedwa ndi canola, ndipo phunziro lake likutikhudza. Mu 1981 ku Spain anthu pafupifupi 20,000 anadwala ndipo mazana anamwalira atadya mafuta a njere za repu amene anathiridwa mankhwala a aniline kuti akhale a m'mafakitale, koma amalonda achinyengo anawayenganso n'kumawagulitsa m'misewu, m'zigubu zopanda dzina, ngati mafuta odya. Cholakwa sichinali mbewu koma chigubu chosadziwika kochokera. Mafuta oyeza a m'timapepala ta pulasitiki ku msika wa Limbe kapena ku Bangwe amathandiza banja limene lilibe ndalama ya botolo lathunthu, ndipo ambiri amachokera m'zigubu zabwinobwino za malita 20. Koma wina akakuuzani kuti a m'kapepalawo ndi canola n'kukweza mtengo, mulibe njira yotsimikizira. Canola gulani wa m'botolo lomata.

Powerenga botolo

Choyamba yang'anani mndandanda wa zimene zili m'kati, osati dzina lalikulu la kutsogolo. Mabotolo ena amalemba canola ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake n'kulemba blend ndi ting'onoting'ono. Ngati msanganizowo ndi wa canola ndi olive kapena mpendadzuwa, palibe choipa koma mudziwe chimene mukulipira. Pa tebulo la zakudya onani mzere wa saturated: pa magalamu 100 pakhale pafupifupi 7. Pakakhala 15 kapena 20, si canola yekha. Mawu oti cholesterol free asakukopeni, chifukwa mafuta onse a zomera, ngakhale a palm, alibe kolesitolo. Nkhani ndi yoti amakweza bwanji kolesitolo wa m'magazi mwanu.

Chachiwiri ndi vitamini A, ndipo apa mafuta a konkuno ali ndi mwayi. Malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira athiridwe vitamini A, monganso shuga wa pa tiyi, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndiwo amayang'anira. Mwachibadwa canola alibe vitamini A. Ali ndi vitamini E, pafupifupi mamiligalamu 2.4 pa supuni, ndi vitamini K. Choncho botolo lochokera kunja liyenera kulemba poyera kuti vitamini A wathiridwamo. Ngati silinalembe, ndipo pakhomo pali ana osakwana zaka zisanu, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, musachotse mafuta othira vitamini A m'khitchini. Phala la mwana amene wakwana miyezi 6 lingalandire supuni yaing'ono ya mafuta aliwonse mwa awiriwa, koma othira vitamini ndiwo akuchita ntchito ziwiri.

Vitamini K uja ndi wofunika kwa omwa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga amene anaikidwa mavavu a mtima. Supuni ya canola ili ndi mamaikulogalamu pafupifupi 10, ochepa poyerekeza ndi mbale ya mpiru kapena repu, ndiye si woletsedwa. Chofunika ndi kusasinthasintha kadyedwe mwadzidzidzi, ndi kuuza a dokotala pa tsiku loyeza INR, muyeso wa kuundana kwa magazi, ngati mwasintha mafuta.

Chachitatu ndi tsiku lothera ntchito ndi pamene botololo laikidwa. Mafuta odula amachedwa kutuluka pa shelefu. Botolo la fumbi, kapena limene lakhala pa windo la sitolo likuwombedwa ndi dzuwa, lisiyeni ngakhale tsiku lisanakwane, popeza kuwala kumawononga ALA ndi vitamini A yemwe.

Agule ndani

Munthu amene wayezedwa n'kupezeka ndi LDL wokwera, amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, ndi wodwala shuga amene thumba likumulola, canola ndi chisankho chabwino, ndipo ndi wotchipa kuposa olive pomwe pa kolesitolo amachita zofanana kapena kuposerapo pang'ono. Yezani mafuta a m'magazi musanasinthe, muyezenso pakatha miyezi iwiri kapena itatu, kuti muone nokha ngati ndalama yanu ikugwira ntchito. Amene ali pa mankhwala otsitsa kolesitolo a statin asasiye.

Banja la anthu athanzi limene likuphikira kale mafuta a soya osasakaniza silipindula zambiri posintha. Soya ali ndi ALA pafupifupi 7 peresenti, saturated 15, amalimidwa ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe, ndipo akayengedwa konkuno amathiridwa vitamini A. Phindu lalikulu lili pochoka pa palm, majarini wolimba ndi mafuta a nyama kupita pa mafuta amadzimadzi aliwonse; kuchoka pa soya kupita pa canola ndi sitepe yaing'ono. Ophikira mpendadzuwa akasinthira ku canola amapeza omega-3 amene analibe, koma angamupezenso posakaniza ndi soya kapena podya usipa kawiri pa mlungu. Nsinjiro ndi mapeyala a ku Thyolo ndi Mulanje zimapereka oleic yemweyo pa mtengo wa pa msika.

Poyerekeza mitengo, gawani mtengo ndi malita, chifukwa mabotolo ena ndi a mamililita 750 ooneka ngati lita. Ndipo musathamangire chigubu cha malita 5 ngati pakhomo ndinu awiri kapena atatu. Botolo likatsegulidwa mpweya umayamba ntchito yake, ndipo m'kutentha kwa October ndi November, makamaka kumunsi monga ku Chileka ndi Lunzu, canola amasintha fungo msanga kuposa mafuta ena. Gulani muyeso woti utha m'miyezi iwiri kapena itatu, muusunge m'kabati yamdima kutali ndi mbaula kapena kuka, chitsekero chomangitsa. Amene amakonda kuviika tsabola wa kambuzi m'mafuta agwiritse wouma. Kambuzi wamuwisi kapena adyo m'mafuta osalowa mpweya zingamere tizilombo ta botulism, ndiye zimenezo zipangidwe pang'ono, zikhale mu furiji, zithe m'masiku anayi, ndipo magetsi akazima tsiku lonse zitayidwe.